Za ulendo wa banja wa ku Phiri la Zomba

A Ngozo (pa boma la Ntcheu):
Amalume, amayi, alamu anga ndi abale nonse, ndikukupatsani moni. Ndalama zimene takhala tikusonkha mwezi ndi mwezi za ulendo wa banja zafika poti tikhoza kuyamba kukambirana kopita, ndipo ndati ndibweretse maganizo anga msanga kuti aliyense apeze mpata woyankhapo. Zaka zapitazi takhala tikutsikira kunyanja pa Tsiku la Anakubala, kudzera msewu wa Golomoti, ndipo palibe amene anadandaulapo. Komabe chaka chino ndikupempha kuti tisinthe, tikakwere Phiri la Zomba. Ndamva kwa achemwali kuti pamwamba pake pali madamu, mathithi ndi tinjira toyenda pansi m'nkhalango, komanso kuti galimoto imafika mpaka pamwamba pomwepo, choncho akuluakulu sangavutike ndi chitunda. Ndikupempha kuti tigwirizane ngati tikupitadi kumeneko, ndipo tikatero tisankhe mwezi woyenera.

Mayi NaMaseko (Bembeke):
Zikomo mwanangu poyambitsa nkhaniyi nthawi ikadalipo. Ine ndiyankhula mosabisa. Ifeyo tinabadwira m'mapiri ndipo tikukalambira m'mapiri momwemo. Nkhungu, chisanu ndi mitengo ya paini ndi zinthu zimene ndimadzuka nazo tsiku ndi tsiku kuno ku Bembeke. Chimene chimatikokera kunyanja n'chakuti kumeneko timakaona zimene kwathu kulibe, ndipo mafupa athu amakamvako kadzuwa. Tsono ndikufuna wina andiuze chimene chili pa Phiri la Zomba chimene sitingachipeze pa Phiri la Dedza, limene lili pakhomo pathu pomwepa ndipo silifuna ndalama zambiri za galimoto. Ndalama zimenezi anthu asonkha movutikira, ena atagulitsa mbatata ya kachewere pa mtengo wolira.

NaNgozo (Dedza):
Amayi, funso lanu ndi lomveka, ndipo ndiyesa kuyankha monga munthu amene ndinakhala mumzinda wa Zomba pa nthawi ya maphunziro anga ku Chancellor College. Tikanena za kutalika, Phiri la Dedza ndilo lopambana, pakuti limafika mamita 2,198 pamene nsonga yaitali ya ku Zomba, imene amaitcha Malumbe, siifika mamita 2,100. Kusiyana kwake kuli pa kapangidwe. Lathuli munthu ukalikwera umafika pamene pali nsanja za mawailesi ndi mafoni, n'kuyang'ana uku ndi uku, kenako n'kuyamba kutsika. La Zomba pamwamba pake ndi dziko lathunthu lokhala ngati beseni lalikulu, m'mphepete mokwera, pakati potsika, moti madzi a mvula ndi a m'akasupe amasonkhana pakatipo n'kukhala mtsinje wa Mulunguzi. Mtsinje umenewu anautseka ndi khoma lalikulu, ndipo damu la Mulunguzi ndilo limamwetsa mzinda wa Zomba.

Munthu ukafika pa damupo m'mamawa, madzi amakhala ali zii, akuda bii chifukwa cha kuya, mitengo ya tsidya lina ikuoneka chadodolido m'madzimo, kankhungu kakunyamuka pang'onopang'ono. Kuchokera pamenepo pali kanjira kotsata mtsinje chokwera. Mukangolowa m'mitengo yachilengedwe dzuwa limasowa, pansi pamakhala ponyowa ngakhale mvula itatha kale, ndipo malo ena mizu ya mitengo ndiyo imakhala popondapo. Muyamba mwafika pa mathithi a Mandala, kenako mudutsa pa maiwe amene anakonzera kuwetamo nsomba za trout, nsomba zimene zimafuna madzi ozizira okhaokha, ndipo mukapitiriza mufika pa mathithi a Williams. Pamenepo madzi amatsika pa thanthwe lokhala ndi masitepe achilengedwe, n'kugwera m'kadziwe koyera mbee koti munthu umawerenga timiyala ta pansi. Ndinaviikamo mapazi, ndipo posakhalitsa akakolo anayamba kuwawa ndi kuzizira. M'mitengo ya pamwamba pathu munali anchima akudumpha nthambi ndi nthambi osatilabadira n'komwe.

Palinso damu lina laling'ono, la Chagwa, kumtunda kwake, kumene kumafika anthu ochepa. Nyanja ya Malawi ndi yokongola, amayi, sindikutsutsa, koma madzi odekha otere pamwamba pa phiri, atazunguliridwa ndi nkhalango, ana athu sanawaonepo.

A Phiri (Dedza):
Apongozi ndi amalume, ndiloleni ndiwonjezere pa zimene anena mayi a kunyumbawa, makamaka monga mphunzitsi amene ndimavutika kufotokozera ana pa bolodi zinthu zimene maso angazimve m'kanthawi kochepa. Kum'mawa kwa phirili kuli malo awiri oonerapo patali. Ena amatchedwa Queen's View, pokumbukira mayi ake a Mfumukazi Elizabeth amene anacheza m'dziko muno mu 1957, ndipo ena ndi Emperor's View, pokumbukira Mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia imene inabwera mu 1965. Mukaima pamenepo, mzinda wa Zomba umakhala pansi pa mapazi anu, mzinda umene unali likulu la dziko lino kufikira mu 1975 pamene likulu linasamukira ku Lilongwe. Patsogolo pake pamayala chigwa chachikulu mpaka ku Nyanja ya Chilwa ndi chilumba chake cha Chisi, ndipo kumwamba kukayera Phiri la Mulanje limaoneka lonse.

Chimene ndikufuna ana akaone ndi ulendo wa madzi. Mulunguzi akatsika phiri amathira mu Likangala, ndipo Likangala amakathira mu Chilwa, monganso Domasi amene amayenda pakati pa Phiri la Zomba ndi la Malosa. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi ndipo si yakuya, choncho moyo wake wonse umadalira mvula ndi mitsinje yotsika m'mapiri. N'chifukwa chake inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka matope ong'aluka, mabwato atakhala pouma, asodzi a matemba akusowa kolowera. Mwana ataima pa Emperor's View amaona kasupe kumbuyo kwake ndi nyanja patsogolo pake nthawi imodzi, ndipo phunziro limene ndimathera nalo sabata m'kalasi limalowa lokha. Kunena zoona, ine chifukwa chimenechi chokha chikundikwanira kuti ndivomere ulendowu.

Mayi NaMaseko (Bembeke):
Aphunzitsi, ndakumvani bwino, ndipo za madzi a pamwamba pa phirizo zandikhudza. Koma ndimamva kwa anthu oyenda kuti mitengo kumeneko inatha, kuti ocheka matabwa ndi otentha makala anapulula phiri lonse. Sindikufuna tikafike ndi ana n'kukawaonetsa zitsa. Achimwene, inu munagwira ntchito ya zankhalango moyo wanu wonse, tatiuzani zoona zake.

A Maseko (Lizulu):
Mlongo wanga, zimene munamvazo si zabodza, koma si nkhani yonse. Muyenera kusiyanitsa mitengo ya mitundu iwiri imene ili pa phiripo. Mbali yaikulu ndi paini wochita kubzala, amene anayamba kubzalidwa nthawi ya atsamunda kuti dziko lizipeza matabwa. Paini ndi mbewu, ndipo akakhwima patatha zaka makumi awiri ndi kanthu amayenera kudulidwa. Kuona chigawo chodulidwa pachokha si mlandu. Mlandu umayamba pamene adula osabzalanso, kapena abzala koma moto wolusa n'kudutsamo mitengo ikadali yofika m'chiuno, pakuti paini wamng'ono akapsa sadzukanso. Zoterezi zachitika kwambiri ku Zomba, ndipo mukakwera mudzaona mapiri ena ali mbee, mudzakumananso ndi amuna akutsetsereka ndi njinga zosanja nkhuni mpaka kupitirira mutu, amayi atasenza mitolo yaitali kuposa iwo eni. Anthu amenewo musakawayang'ane ndi diso loweruza, chifukwa mzinda wonse uli pansipo umaphikira nkhuni ndi makala omwewo.

Mtundu wachiwiri ndi nkhalango yachilengedwe, imene yatsala m'makwalala ndi m'mbali mwa mitsinje, monga mmene wadutsa mwana wanga NaNgozo pofotokoza za mathithi. Imeneyo ndiyo chuma chenicheni cha phirilo, pamodzi ndi madambo ndi udzu wa pamwamba. Masamba ogwa chaka ndi chaka amapanga nthaka yofewa imene imamwa mvula n'kumaitulutsa pang'onopang'ono mpaka m'chilimwe. Mukachotsa zimenezo, mvula imathamanga tsiku lomwelo itanyamula dothi, dothilo n'kukakwirira damu, ndipo pofika Okutobala mtsinje umakhala mchenga.

Ife a ku Ntcheu zimenezi sitichita kumva kwa anthu. Damu la Mpira, m'nkhalango ya Mvai, limene limapereka madzi kumadera ambiri a Ntcheu ndi Balaka, linaphwa mu 2018, ndipo mukukumbukira mmene amayi ankalawirira usiku kukaima pa mijigo mipopi itauma. Mvula inachepadi zaka zimenezo, koma mitengo ya ku gwero la madziwo inali itadulidwa, anthu atalima mpaka m'mphepete mwa timitsinje. Choncho ine ndikuti tipite ku Zomba, ndipo zitsazo tisawabisire ana. Akaone mbali imene nkhalango ilipo, amve kuzizira kwa madzi ake, kenako akaone mbali imene yametedwa, afananize okha.

Koma za mwezi ndikutsutsa. Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala, ndi nyengo yoipa kukwera phiri ngati cholinga ndi kuona patali. Nthawi imeneyo tchire likupsa paliponse, osaka mbewa ayatsa, olima ayatsa, ndipo utsi ndi fumbi zimaphimba chigwa moti mukhoza kuima pa Emperor's View osaona Chilwa, za Mulanje osanena. Mathithi nawo amakhala atachepa madzi. Juni ndi Julayi kumayera, koma chiperoni chikabwera chimatha kukhala masiku angapo, ndipo mudzangoona nkhungu imene mlongo wanga akuti watopa nayo. Mwezi wabwino ndi Meyi, mvula itangotha, mlengalenga mutatsukika, mitsinje ikadali yodzaza.

A Nyoni (Kampepuza):
Apongozi anena zoona za Meyi, ndipo ine ndiwonjezere za msewu, pakuti ndiyo ntchito yanga. Tikanyamuka pa Dedza tidzatsata msewu wa M1 kudutsa Bembeke, Lizulu ndi Ntcheu, kutenga abale m'njira, mpaka pa Chingeni, pamene tidzakhotere ku Balaka, kuwoloka Shire pa Liwonde, kenako Machinga, Malosa, Domasi ndi kulowa mu Zomba. Ndi basi ya kosita yodzaza anthu, ndi kuimaima kumene sikulephera pa ulendo wa banja, muwerengere maola anayi kapena kupitirirapo. Msewu wokwera phiri ndi wa phula, koma ndi wokhotakhota ndipo mbali ina ndi phompho. Kukwera si vuto kwenikweni. Choopsa ndi kutsika, chifukwa dalaivala wosazolowera amapondereza mabuleki njira yonse mpaka kutentha, pamene amayenera kutsika ndi giya yotsika, yoyenda pang'onopang'ono, injini ikugwira galimoto. Ndikupempha kuti posankha galimoto tisathamangire yotsika mtengo, ndipo mundilole ndikaione ndekha mabuleki ndi matayala tisanapereke ndalama.

Chinanso n'chakuti phula limathera chakufupi ndi hotela ya Ku Chawe ndi damu la Mulunguzi. Misewu yopita kumalo oonerapo patali ndi yafumbi, ya miyala ndi makwawa, yoyenera galimoto zokwera. Kosita ikhoza kulephera malo ena, choncho tikonzekere kuti achinyamata adzayenda pansi, ndipo akuluakulu tiwapezere galimoto yaing'ono yamphamvu kumeneko.

NaPhiri (pa boma la Ntcheu):
Apongozi ndi amalume, monga namwino nkhawa yanga ili pa akuluakulu ndi ana aang'ono. Amene ali ndi matenda a kuthamanga kwa magazi kapena a shuga atenge mankhwala awo, ndipo asakakamizidwe kuyenda mtunda umene thupi likukana. Ndikuganiza kuti tigawe magulu awiri, lina lotsata mtsinje modekha mpaka pa mathithi a Mandala n'kubwerera pa damu, lina la olimba miyendo lopitirira mpaka ku Williams ndi kumtunda. Aliyense avale nsapato zotseka zogwira pansi, pakuti miyala ya pa mathithi imakhala ndi ndere ndipo imaterera kwambiri. Majuzi tisasiye poganiza kuti ndife a ku Dedza ozolowera chisanu, chifukwa munthu ukatuluka thukuta pokwera kenako n'kuima pamphepo, chimfine sichichedwa.

Ndikutsindikanso kuti mwana aliyense asalowe m'damu. Ana athu anazolowera kunyanja kumene munthu umayenda pamchenga madzi akukwera pang'onopang'ono, pamene damu limazama mwadzidzidzi, ndipo madzi ozizira amagwira minofu ngakhale ya wodziwa kusambira. Komanso amenewo ndi madzi akumwa a anzathu a mumzinda, tiyenera kuwalemekeza.

A Phiri (Dedza):
Pali malo ena amene sitinawatchule, Dzenje la Chingwe, kumadzulo kwa phirili, kumene munthu amaona chigwa cha Shire. Ndi dzenje lakuya lobisika m'mitengo, ndipo anthu amasimba kuti kalekale ankaponyamo adani a mafumu ndi odwala khate. Ana a sekondale akhoza kupindula kumva mbiri imeneyi pamalo pake penipeni.

Mayi NaMaseko (Bembeke):
Pamenepo ndiye ndikukana, aphunzitsi. Ngati nkhaniyo ndi yoona, malo amenewo ndi manda, ndipo kumanda sitipita ndi ana kukajambulitsa zithunzi ndi kuseka. Ngati akulu ena akufuna kukafikako, apite paokha mwaulemu tsiku lina. Adzukulu anga ndikufuna abwereko akukumbukira madzi ndi mitengo.

A Maseko (Lizulu):
Ndikugwirizana ndi mlongo wanga, ndipo palinso chifukwa china. Dzenjelo lili kutali ndi damu, mbali ina ya phiri, ndipo msewu wake ndi woipa kuposa wa ku Emperor's View. Tikafuna kugwira zonse tsiku limodzi tidzangothamanga osaona kanthu. Ndikulangizanso kuti tikalembe wotsogolera alendo mmodzi kapena awiri mwa anyamata a komweko, amene amapezeka chakufupi ndi hotela. Tinjira ta m'paini timafanana, odula mitengo amatsegula tatsopano chaka chilichonse, ndipo nkhungu ikatsika mwadzidzidzi munthu umasokera pamalo pamene unadutsa m'mawa. Mtengo wake mugwirizane musanayambe kuyenda. Ndalama imeneyo musaione ngati yotayika, chifukwa mnyamata amene akudya za alendo ndiye woyamba kuthamangira moto ukabuka m'nkhalango.

NaNgozo (Dedza):
Amalume anena mfundo imene ndimafuna kuitchula. M'mbali mwa msewu wokwera ndi pafupi ndi hotela mumakhala anthu ogulitsa sitiroberi, mabulosi ndi zipatso zina za m'phiri m'timbale, ena ogulitsa ziboliboli ndi miyala yonyezimira. Tikonze kandalama kapadera kuti tikawagule, ndipo tisakanenerere mpaka kumulanda munthu phindu lake lonse. Zipatsozo tikazitsuke tisanapatse ana. Kamba tinyamule wathu, nkhuku yokazinga, mbatata yophika ndi tiyi wa m'mafulasiki, pakuti chakudya cha pa hotela sichingatheke kwa gulu lonse. Podya tisamale ndi anyani, amene amalanda chakudya m'manja mwa mwana, ndipo wina asawaponyere kanthu. Mapepala apulasitiki ndi mabotolo tibwerere nawo m'thumba, ndipo tisakasonkhe moto m'nkhalango ngakhale wophikira tiyi.

Mayi NaMaseko (Bembeke):
Chabwino, ndavomera kuti tipite, ndipo chimene chandigonjetsa ndi nkhani ya Mpira imene akumbutsa achimwene, chifukwa mavuto a chaka chimene chija ndinawaona ndi maso anga kwa ana anga ku Ntcheu. Koma ndili ndi mawu awiri. Oyamba, Meyi ndi nthawi yokolola, ndipo kuno kozizira chimanga chimachedwa kuuma, choncho tsikulo likhale chakumapeto kwa mwezi kuti ambiri tikhale titalowetsa m'nkhokwe. Achiwiri, tikabwerako tisakhale anthu otamanda za kwa eni. Kuno tili ndi nkhalango ya Chongoni, ndipo adzukulu anga ambiri sanafikepo pa mapanga a zojambula za makolo, chikhalirecho amadutsa pafupi ndi Linthipe nthawi zonse.

A Phiri (Dedza):
Apongozi, mawu achiwiriwo ndawalandira ndi manja awiri, ndipo ulendo umenewo ndiutsogolera ndine. Zojambula za ku Chongoni zinalowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika pa dziko lonse lapansi mu 2006, ndipo malo ake ndi 127. Zofiira ndi zakale kwambiri, za Akafula, pamene zoyera zambiri ndi za Achewa, zokhudza chinamwali ndi gule wamkulu. Ku Chentcherere ndi ku Mphunzi tikhoza kupita ndi kubwerako tsiku lomwelo pa mtengo wochepa, ndipo ndikuganiza kuti tchuthi cha Ogasiti chingatiyenere. Za Dzenje la Chingwe ndazisiya monga mwanenera.

A Maseko (Lizulu):
Tikamapita ku Chongoni mundiuze msanga, ndidzapemphe anzanga akale a ku sukulu ya zankhalango imene ili komweko kuti adzaonetse ana nazale ndi kafesedwe ka mbewu za mitengo. Mwana aliyense akhoza kudzatenga mbande zake zoti adzabzale mvula ikayamba mu Disembala, makamaka mitengo ya m'mbali mwa mtsinje monga katope ndi mbawa.

A Ngozo (pa boma la Ntcheu):
Zikomo nonse. Zimene tagwirizana ndi izi: tikupita ku Phiri la Zomba Loweruka lomaliza la mwezi wa Meyi. Poona maola amene awerengera alamu a Nyoni, sindikuona kuti tingapite ndi kubwera tsiku limodzi popanda kutsika phiri ndi mdima, choncho tidzanyamuka Lachisanu masana ana akaweruka, tikagone mumzinda wa Zomba pa malo ogona otsika mtengo, tikwere m'mamawa nkhungu ikamanyamuka pa damu, ndipo tiyambe kutsika pofika 3 koloko masana kuti Lamulungu aliyense adzapezeke ku tchalitchi kwake. Achemwali, popeza mumadziwa mzindawo, mufufuze malo ogona ndi mtengo wake, komanso galimoto yaing'ono yonyamula amayi ndi amalume kupita ku Emperor's View. Alamu a Nyoni, mubweretse mitengo ya makosita awiri kapena atatu kuti tisankhe. Banja lililonse litumize kwa mayi a kunyumba kwanga mayina a amene akupita, zaka za ana, ndi amene ali pa mankhwala, mwezi uno usanathe, kuti tidziwe ngati ndalama zimene zilipo zikwanira kapena tiwonjezerepo.